Mwala umene Layitoni anagwerapo

Maondo angawa anasiya kupinda kalekale. Kutchalitchi anthu akamagwada ine ndimangokhala pabenchi, ndipo ndikudziwa kuti alipo amene amandinena kuti mdala uja Joni inamupatsa matama. Anene, pakamwa ndi pawo. Ine ndinagwada zokwanira moyo wonse, osati pamaso pa Mulungu, koma pamiyala ya azungu, ndikuipukuta kuti iwo azidziwonerapo nkhope akamadutsa.

Ndinachoka kwathu ku Ntcheu nthawi imene boma linali litaletsa zolemba anthu opita kumigodi. Lamulo linaletsa ulendo koma silinaletse njala. Choncho ife tinapita selufu, kutanthauza kudziyendera wekha wopanda pepala, pena wapansi, pena pamwamba pa matumba m'lole ya munthu amene sakufunsa dzina. Ndinapita ndi Layitoni, mnzanga wa m'mudzi woyandikana ndi wathu, amene tinkaweta naye ng'ombe tili ana. Iye anali atangotenga mkazi wake, Nachisale, chitengwa, kumuchotsa kwawo n'kumukhazika pakhomo pa amayi ake. Anamusiya ndi mwana kumsana ndi lonjezo lakuti akagula malata ndi njinga abwerako. Inenso ndinasiya mkazi ndi ana, ndipo tonse tinkalonjeza zomwezo.

Ku Joni Mmalawi wopanda pasi anali nyama ya apolisi. Chinthu choyamba kugula sichinali bulangete, linali dzina. Langalo sindilitchula, ndinalitaya pamalire pobwerera ndipo sindikulisowa. Layitoni anasanduka Maluleke, Mshangani, ngakhale Chishanganicho ankangodziwapo moni wokha. M'sitima ya m'mawa yochokera ku Soweto tinkakhala duu ngati takangana, chifukwa ukangotsegula pakamwa wina ankatembenuka n'kunena kuti awa ndi Manyasa. Kwa ine kukhala chete sikunali kovuta. Koma Layitoni anali munthu wa pakamwa, woti ngakhale mbuzi ankaicheza nayo, ndiye ankavutika ngati munthu wogwira mkodzo. Tikangofika kuchipinda n'kutseka chitseko, zonse anasunga tsiku lonse zinkatuluka nthawi imodzi.

Chipindacho chinali kuseri kwa nyumba ya mayi wina, ndipo tinkagonamo atatu ndi Che Saidi, Myao wa ku Machinga, wamkulu kwa ife, amene anabwera kale mapasi akadali osavuta. Iye ankatitcha akapolo ake, ifenso tinkamutcha kapolo wathu, monga Angoni ndi Ayao timachitira kulikonse tikakumana. Anali ndi poto wakewake amene sitinkaloledwa kukhudza tikadya zathu zija, ndipo akamaswali Layitoni ankayesetsa kutseka pakamwa, kenako n'kumuuza kuti amupempherereko malata. Che Saidi ndiye anatipezera ntchito kwa mzungu wina wokonza pansi pa nyumba zikuluzikulu. Dzina lake lenileni silinkatikhudza. Tinkamutcha Tchetcha, chifukwa m'Chifanakalo, chilankhulo cha mabwana ndi antchito, mawu amenewo ndi akuti fulumira, ndipo ena ankawadziwa ochepa.

Anthu akuno ndikawauza kuti ndinkapukuta miyala amaseka, amati ndi ntchito yanji imeneyo. Mwala wake ndi wa mabo, woyera, wa mizere yotuwa ngati mitsempha ya pamkono, wodulidwa mafulati aakulu ngati chitseko. Amauyala pansi m'mabanki ndi m'mahotela. Nsapato zikaupondaponda umazilala n'kukandika, ndiye ankaitana ife. Tinkathira madzi n'kuyendetsapo mashini olemera amene pansi pake tinkamangapo miyala yonolera, kuyamba ndi yokhakhala mpaka yosalala. Pansi ponse pankadzaza matope oyera ngati phala. Tikakolopa, tinkawazapo ufa wina woyabwa umene unkadya zikhadabo, n'kukwecha ndi chiguduli mpaka mwala uja utayamba kuonetsa magetsi a kudenga. Mashini safika m'ngodya, m'mphepete mwa khoma ndi pamasitepe. Mmenemo munali mwa maondo ndi manja. Ming'alu tinkaimata ndi guluu wosakaniza ndi fumbi la mwala womwewo kuti isaoneke.

Ndisaname, ntchitoyo ndinkaikonda ngakhale inkandipha. Ukamaliza n'kuimirira pakhomo, pansi ponse pakuwala ngati dziwe lopanda mphepo, mtima unkati ichi ndachita ndine. Koma chisangalalo chake chinali chachifupi, chifukwa tikangomaliza ankatitulutsira khomo lakumbuyo, kumene kunali migolo ya zinyalala. Layitoni asanatuluke ankavula majombo n'kutsetsereka ndi masokosi kuchoka kukhoma ili kufika ku linalo, akuti aliyense azilawa chimene waphika. Tchetcha anamupezapo n'kumutukwana, iye n'kuyankha mwaulemu kuti amayesa ngati pali poterera pangagwetse madona.

Ndalama tinkatumiza kudzera mwa anthu opita kumudzi, pamodzi ndi mabulangete ndi nsalu. Zina zinkafika, zina zinkathera m'njira, ndipo wotumidwayo ankabwera ndi nkhani ya akuba yokonzedwa bwino. Zaka zinkapita. Malata a Layitoni anagulidwa theka, njinga inkadikira, mwana anasiya kumsana uja n'kuyamba sukulu bambo ake osawadziwa. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna, ndipo ife tinadya nthangazo osadandaula kwambiri.

Chinthu chimodzi chimene munthu aliyense wa ntchito iyi amadziwa n'chakuti mwala wa mabo umamwa. Ukauona umaoneka wouma mtima, koma ukatayirapo tiyi, vinyo kapena mafuta n'kuchedwa kupukuta, zimalowa m'kati. Ukangouperanso kumene, usanaukweche, ndiye ludzu lake limakhala ngati la dothi la mu Okutobala.

Linali Lamlungu masana, pahotela ina yaikulu m'katikati mwa tauni. Anali atatseka mbali yakutsogolo, polandirira alendo, kuti tikonze. Ine ndinali pamashini, pansi ponse pali madzi. Layitoni anatumidwa kupukuta nsanamira, zimene nazonso zinali zokutidwa ndi mabo mpaka kudenga. Nsanja yokwerapo inali ya migolo yosanjikiza ndi matabwa. Che Saidi anali atanena m'mawa kuti migolo pamadzi imaterera, Tchetcha n'kuyankha kuti amene akufuna nsanja yachitsulo akabwereke ndi ndalama zake. Kugwa kwake sindinakuone. Ndinangomva mgolo ukugubuduka, ndipo nditazimitsa mashini ndinapeza ali chagada, maso ali tong'o, magazi akutuluka kunkhongo n'kumayenderera pang'onopang'ono pamwala umene ndinali nditangoupera. Ndinamuitana dzina lake lenileni, mokweza, koyamba pagulu chifikireni ku Joni. Anali atapita kale.

Tchetcha anatikankhira tonse m'chipinda chapansi chosungiramo zida, akuti akutithandiza chifukwa apolisi akubwera ndipo ambiri tinalibe mapasi enieni. Tisanazindikire tinamva loko kunja. Tinamenya chitseko mpaka manja kutupa. Mmene ankatitsegulira dzuwa linali litapendeka, mtembo utapita, pamalopo patangotsala chithaphwi chakuda chimene palibe anali atachikhudza. Mlonda wa pachipata, Mzulu wachikulire, anatinong'oneza zimene bwana anauza apolisi. Anati munthuyo samudziwa, anangobwera m'mawa womwewo kudzapempha ganyu, ndipo anakwera yekha osatumidwa.

Che Saidi, popeza anali ndi pasi yeniyeni, ndiye anayenda m'nyumba zosungira mitembo. Akati akufuna Maluleke, ankamuuza kuti abwere abale ake Achishangani ndi mapepala. Akati dzina lake lenileni ndi Layitoni wa ku Malawi, ankamuuza kuti munthu wotero sanalowepo m'dziko muno, ndiye sangaferemonso. Anamupitikitsa khomo ili ndi ilo mpaka kalaliki wina anamumvera chisoni n'kumuuza kuti asadzivute, mitembo yopanda eni boma linaika kale, malo amodzi, popanda chizindikiro. Tinapitako kumandako Lamlungu lina m'nyengo yozizira. Tinapeza mitumbira ya dothi lofiira ili ndandanda, yonse yofanana, mphepo ikuulutsa mapepala pakati pake. Che Saidi anatambasula manja n'kupempherera yonse. Ine pemphero linandikanika, ndinali ndi ukali wokhawokha. Kwathu munthu akafera kutali, ukalephera kubweretsa mtembo umatapako dothi la pamanda ake kuti abale apeze poyambira kulira. Tsono ine ndikanatapa dothi la yani?

Kuhotela kuja anakolopa, koma mwala unali utamwa kale. Panatsala banga lofiirira lalikulu ngati lichero, pakati pake pali poderapo kwambiri. Popeza kunali phwando sabata imeneyo, anayalapo kapeti n'kuikapo chimphika cha maluwa. Patapita milungu mkulu wa hotelayo anatopa nacho chimphikacho, naitana Tchetcha kuti bangalo lichoke.

Kachotsedwe kake ndinkakadziwa, ndinali nditachotsapo mabanga ambiri a vinyo ndi mafuta. Umakanda phala loyera la mankhwala, n'kumata pabangapo, n'kuphimba ndi pulasitiki. Mawa lake phalalo limakhala litauma, litayamwa chimene chinali m'mwalamo, ndiye umalipala n'kukataya. Ukabwereza kangapo mwala umayera ngati sipanachitike kanthu. Tchetcha anandipatsa ndowa ya phalalo m'manja, ine ndemwe, n'kundiuza kuti nditchetche. Ndinaiyang'ana ndowayo n'kuona kumene nkhaniyi ikupita. Chotsala chokha cha Layitoni padziko lapansi chinali m'mwala umenewo, ndipo ankafuna kuti ndichiyamwitse ndi manja anga n'kukachitaya mumgolo wakumbuyo pamodzi ndi zotsala za ndudu ndi makoko a mazira.

Unali m'mawa, alendo akudutsa kupita kokadya. Tinazunguliza chingwe pamalopo n'kuchotsa chimphika ndi kapeti. Ndinagwada. Tchetcha anali atapita kugalimoto kukatenga pulasitiki. Ndinalankhula Chichewa mokweza, osasamala amene akumva.

"Che Saidi, ndipatseni hamala ndi tchizulo."

Anawerama n'kundinong'oneza.

"Mwaganiza bwino, kapolo wanga?"

"Ndaganiza."

Anatulutsa zidazo m'thumba n'kuziika pambali panga. Kenako anatenga chokolopera n'kuima kutsogolo kwanga, kundifulatira, ngati munthu amene ali pantchito yake.

Kumenya koyamba kunamveka ngati mfuti m'nyumba yonse ija. Dona wina anagwetsa chikwama. Mng'alu unathamanga kuchoka pamene ndinali mpaka kumapeto kwa mwalawo. Ndinamenya mozungulira poderapo paja, osafulumira, chifukwa sindinkafuna kuti panyenyeke. Zaka zonsezo ndinkamata ming'alu kuti isaoneke, tsiku limenelo ndinang'amba ndekha. Nditalowetsa tchizulo pansi pake, chibenthu chinanyamuka, chachikulu pang'ono kuposa chikhatho changa. Nditachitembenuza ndinaona kuti magazi anali atalowa mpaka pakati. Ndinachiika m'kati mwa ovololo, pachifuwa, n'kumanga mabatani.

Tchetcha anabwera akuthamanga, nkhope ili psuu. Anandiwomba khofi limene mpaka lero khutu lakumanzereli limalira. Anakuwa kuti mwala umenewo unabwera pasitima ya pamadzi kuchokera ku Italiya, kuti mtengo wake ungagule ine ndi mudzi wathu wonse, ndipo aitana apolisi ndikawolere kundende. Mkulu wa hotela anali atafika, ataima pambali manja ali m'thumba. Ndinadzuka bwinobwino n'kuyankha m'Chifanakalo changa chothyokathyoka, mokweza kuti mkuluyo amve.

"Aitaneni. Ndiwauza kuti amene anagwa pano ndagwira naye ntchito kwa inu zaka zonsezi. Ndiwasonyezanso chipinda chimene munatitsekeramo."

Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo tsiku limenelo khosweyo ndinali ine. Tchetcha anangoloza kunja n'kunena kuti ndichoke asandionenso, ndipo za malipiro ndiiwale. Ndinachokadi, koma sindinapite kukhomo lakumbuyo. Ndinadutsa pakati pa alendo ndi majombo anga amatope, n'kutulukira khomo lagalasi lakutsogolo limene ndinali ndisanaligwirepo. Mlonda Mzulu uja anayang'ana kumbali ngati waona china chake pamsewu.

Che Saidi anakhalabe pantchitoyo, ndipo sindinamudandaule, anali ndi ana ake odyetsa. Ndiye anadzandiuza kuti anaikapo mwala wina, koma woyera kuposa anzake, moti pakati pa chipinda chokongola chija panakhala chigamba chooneka ndi aliyense. Nditamva ndinaseka koyamba chimwalirireni Layitoni.

Zaka zotsatira zinali za maganyu. Ndinagwada m'mabanki, m'nyumba za anthu olemera, m'matchalitchi a azungu mmene sindikanaloledwa kupempheramo. Mwala uja ndinaukulunga m'malaya a Layitoni n'kuusunga pansi m'sutikesi. Mayi wa nyumba uja atamva chimene ndikusunga anandithamangitsa, akuti sagona ndi magazi a wakufa pakhomo pake. Ndinasamukira ku Orange Farm anthu atayamba kumangako tizisakasa ta malata, kutali koti ulendo wa kuntchito unkadya theka la mphamvu. Inali nthawi yoipa, anthu akuphana m'sitima popanda kufunsana, ndipo m'mawa uliwonse pochoka ndinkauza sutikesi ija kuti indidikire.

Uthenga wa maliro ndinali nditatumiza kale kudzera mwa munthu wina wa kwathu, pamodzi ndi bulangete ndi nsapato za malemuyo. Ndinamupempha kuti atengenso mwalawo, anakana kwamtuwagalu, akuti zinthu za maliro sakwera nazo basi, angachite ngozi. Pobwerako anandiuza zimene anayankha a Kamwendo, malume ake a Layitoni, amene anali mwini mbumba. Anati nsapato si mtembo. Anati munthu wina anawauza kuti anamuona Layitoni ku Thekwini, mzinda wa kunyanja, atanenepa, ali ndi mkazi wa Chizulu, ndiye iwo sangalire munthu wamoyo amene wangotchona. Popeza maliro sanalire, Nachisale sakanasudzulidwa kuti abwerere kwawo kapena akwatiwenso. Anakhala choncho, osakhala mkazi wa munthu, osakhalanso wamasiye, kulimira apongozi ake ndi kuwatungira madzi. A Kamwendo zimenezi sizinkawapweteka, munda wa mlongo wawo unkalimidwa.

Nditamva ndinalephera kudya. Wina anganene kuti nanga bwanji sunanyamuke nthawi yomweyo. Anene amene sanaphunzitsepo ana ndi maondo. Munthu wa selufu ukatuluka sudziwa ngati udzalowanso, ndipo ana anga anali pasukulu. Ndinatumizanso mawu kudzera mwa anthu ena, yankho linali lomwelo.

Amene anandibweza kumudzi ndi maondo. Anatupa mpaka ndinkati ndikagwada ndimafuna munthu wondidzutsa, ndipo mabwana anayamba kundidumpha posankha aganyu. Che Saidi anandiperekeza kokwerera basi, nayenso atakalamba, ndevu zitayera. Anatulutsa nsalu yoyera yatsopano, yonga imene iwo amakulungira maliro, n'kundipatsa, akuti kapolo wake asakafike kwawo atavala malaya akuntchito. Tinaukulunga mwalawo pomwepo, anthu akutiyang'ana. Sitinaonanenso.

Pamalire wapolisi wina anakhuthula sutikesi yanga n'kupeza kamtoloko. Anamasula, nauponyaponya mwalawo m'manja, maso akuwala, kuganiza kuti wagwira munthu wozembetsa miyala ya mtengo wapatali. Anandifunsa kuti ichi n'chiyani. Ndinamuuza kuti ndi mnzanga, ndikupita naye kwawo, ndipo chofiiriracho ndi magazi ake. Anaubweza pansalupo msangamsanga n'kupukuta manja pathalauza. Zina zonse sanazisechenso.

Kwathu ndinapeza nyumba ya malata imene ndinamanga ndisanaione. Mkazi wanga anali atazolowera kulamula yekha, ndipo ankalamula bwino, sindingamunamizire. Ana anga anandipatsa moni waulemu ngati wa mlendo wochokera kuboma. Mwana wanga woyamba anali ndi ndevu, ndipo pokamba za pakhomo ankayang'ana amayi ake, osati ine. Zinandiwawa, koma ndinameza. Nditatchula za mwala, mkazi wanga anati usalowe m'nyumba mwake, ndiponso ndisakautse mapiri pachigwa kwa eni ake, nkhaniyo inazizira kale. Ndinamuuza kuti ngati mwala sulowa, inenso sindilowa. Ndinagona nawo pakhonde la nyumba yangayanga, m'mawa n'kunyamuka ndi ndodo kupita kwawo kwa Layitoni.

Ndinawapeza a Kamwendo atakhala pampando wandalema, chipewa chili kumutu. Amayi ake a Layitoni anali pamphasa, atatheratu, maso atachita khungu pang'ono. Nachisale anali kumunda, anachita kukamuitana. Anabwera ndi khasu paphewa n'kukhala chapatali, ndipo nditamuyang'ana mtima unandipweteka, chifukwa ndinamusiya mtsikana, tsopano imvi zinali zitayamba kutuluka m'mphepete mwa duku. Ndinafotokoza zonse kuyambira pamigolo mpaka pamanda opanda chizindikiro. Kenako ndinamasula nsalu ija n'kuika mwalawo pamphasa, mbali yosalala kumwamba.

A Kamwendo anausuzumira osadzuka, naseka pang'ono.

"Ndiye mwayenda ulendo wonsewu kutibweretsera mwala? Miyala tili nayo yambiri kuphiriku. Mudzi uno sunaikepo mwala m'manda, ndipo sitiyambira pa inu."

Anapitiriza kunena kuti anthu a ku Joni amawadziwa, amabisirana, wina akakwatira kumeneko anzake amabwera ndi nthano. Anafika mpaka pofunsa ngati sindinagawane naye katundu kuti ndidzaname. Ukali wa tsiku la hamala uja unandibwerera. Ndinagwira ndodo yanga n'kuimirira, ngakhale pamaso pa eni mbumba munthu salankhula choimirira.

"A Kamwendo, mwalawu sindinapemphe kwa mzungu, ndinaswa azungu anzake akuona. Kunonso sindinabwere kudzapempha. Ndabweretsa mwana wanu. Mukamukana ndikamuika kwathu, anthu adziwe kuti kwawo anamukana."

Amayi aja anapapasa pamphasa mpaka anaupeza mwalawo. Anausisita mbali yosalala, nautembenuza, naubweretsa pafupi ndi maso. Ndinawauza kuti kusalalako ndi ntchito imene mwana wawo ankagwira. Anandifunsa chinthu chimodzi chokha, ngati anaitanako munthu pomwalira. Ndikanatha kuwanamiza kuti anaitana iwo, koma mabodza pankhaniyi anali atachuluka kale. Ndinawauza kuti ayi, anapita nthawi yomweyo. Anagwedeza mutu, koma sanalire, anangotembenukira kumene kunali mchimwene wawo ngati akudikira chilolezo.

Amene sanadikire ndi Nachisale. Anadzuka, nadutsa kutsogolo kwa a Kamwendo osawerama n'komwe, natenga mwalawo m'manja mwa apongozi ake. Anaukulunganso bwinobwino m'nsalu ya Che Saidi, naunyamula ndi manja awiri, nalowa nawo m'nyumba ya malata atheka ija. Kwathu maliro salira eni mbumba asanavomere ndiponso mfumu isanauzidwe, aliyense amadziwa zimenezo. Koma m'nyumbamo munatuluka mfuu imene sindinaimvepo chibadwire, yaitali, ya munthu amene anaisunga zaka zonse zija. Ankamuitana mwamuna wake ndi dzina la kubanja kwawo, kumufunsa kuti anachedwa kuti.

A Kamwendo anadzuka n'kukalipa kuti akhale chete, akuchititsa manyazi mudzi. Anachedwa. Azimayi amene anali kuchitsime anali atamva kale, anatula ndowa n'kubwera manja ali kunkhongo. A nyumba zoyandikana anatuluka nawonso akulira, ena asanadziwe n'komwe kuti wamwalira ndani. Amayi ake a Layitoni anagwa chammbali pamphasa paja n'kuyamba nawo. Kulira kukatuluka sikubwezedwa m'kamwa. A Kamwendo anaima pakati pa bwalo akuyang'ana uku ndi uku, kenako anavula chipewa n'kupita okha kukauza mfumu.

Nachisale anadzamusudzula atameta malirowo, ndipo anabwerera kwawo. Sanakwatiwenso, nthawi yake inali itadyedwa, ndipo chimenecho ndi chimene sindidzawakhululukira Tchetcha ndi a Kamwendo, onse awiri mofanana.

Koma m'mawa wa tsiku loika, adzukulu okumba manda anandiitanitsa kumsitu. Ndinawapeza atatsamira makasu, akuseka monga adzukulu amachitira. Mmodzi anati sanakumbepo manda a mwala, ndiye ndiwauze ngati kadzenje kobzalamo nthochi kangakwane, amalize msanga akamwe thobwa. Ndinatenga bango lawo loyezera n'kuliimika pambali panga.

"Yezani pa ine," ndinatero, "ndipo muwonjezere chikhatho. Anali wamtali kuposa ine."

Anasiya kuseka. Wamkulu wawo anathyola bangolo pamwamba pa mutu wanga, naligoneka pansi, ndipo anayamba kukumba.